Masamba Awiri ndi Kansonga

Ndiyambe ndi kuyamika Mulungu, Atate wa Ambuye wathu Yesu Khristu, amene wandisunga kufikira lero, ndi maso amene akuthabe kulowetsa ulusi pa singano. Ndimuyamike chifukwa cha amayi anga amene anapumula kale, komanso chifukwa cha amayi aakulu, amene ndinawada ndisanawadziwe. Zimene ndilembe pano ndi zazing'ono, koma Iye sananyozepo chinthu chifukwa chakuti n'chaching'ono.

Ndikakumbukira nyengo imeneyo, chimayamba kubwera m'maso mwanga ndi pepala long'ambidwa m'kope la masamu, lija la timabokosi. Linali lopindidwa kanayi, lofewa ngati nsanza, ndipo linkanunkha utsi. Patimabokosi tina panali timitanda ta pensulo, tina tinali topanda kanthu. Ukaliyang'ana pafupi sunkaona chilichonse. Ukalitalikitsa, pankatuluka masamba awiri a tiyi ndi kansonga pakati pake.

Tinkakhala kumalaini, pa esiteti ina ya tiyi ku Thyolo, nyumba yachitatu kuchokera pampopi. Amayi anali otchola tiyi. Bambo anali atawatumiza kukadula bulugama ku esiteti ina, ndipo ankabwera mwa apo ndi apo. Ine ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi, mwana mmodzi yekha m'nyumbamo. Inali nyengo yozizira, pamene tiyi amaleka kuphukira, amuna n'kulowa m'minda ndi zikwanje zawo zokhota kumudula mpaka mapiri onse aoneke ngati mitu yometedwa. Chiperoni, mvula yowaza ija ya nkhungu, ankagwa masiku atatu osaleka. Zovala sizinkauma, mchere unkasungunuka m'chitini, ndipo pakhomo pathu panali poterera mwakuti nkhuku zomwe zinkayenda mosamala. Amayi anali atasiya dengu lawo pakhoma. Ankandiuza kuti msana ukuwawa. Ine ndinkaona mimba, koma mwana safunsa zimenezo.

Aphunzitsi athu a Sitandade 4 anali mayi wochokera ku Mzimba, wamtali, wolankhula Chichewa chimene amayi a kumalaini ankachiseka iye akachoka. Lachinayi masana ankasonkhanitsa amayi a mpingo m'kachipinda ka kuseri kwa tchalitchi n'kumawaphunzitsa kupeta. Aphunzitsiwo ankati kolosi sitichi, ife tinkangoti timitanda. Nsalu yake zinali zidutswa zotsala kwa atelala osoka yunifomu, zija za timabokosi toyera ndi tabuluu. Kabokosi kalikonse kamalandira kamtanda kamodzi, kuchokera pangodya kufika pangodya, ndipo ulusi wapamwamba uyenera kupendekera mbali imodzi pansalu yonse. Amayi ena anasankha maluwa a m'buku la aphunzitsi, ena nkhunda. Amayi anga anatembenuza masamba onse a bukulo n'kulibweza.

“Maluwa amenewa sindinawaonepo,” anatero. “Mundijambulire chimene ndimachidziwa.”

Ndi mmene pepala lija linabwerera kwathu.

Zala za amayi zinali zakuda kunsonga ndi zong'alukang'aluka chifukwa cha tiyi. M'munda zinkathamanga moti maso sankatha kuzitsatira, koma pa singano zinali ngati za mwana wophunzira kudya yekha. Ulusi unkakodwa m'ming'alu. Ankazikhula ndi mwala, kuzidzoza mafuta, kenako n'kukhala pamphasa pafupi ndi khomo pamene panali kuwala. Pepalalo linkawasokoneza, choncho ntchito yowerenga inali yanga. Ndinkaika chala pamzere n'kumanena: obiriwira anayi, dumphani awiri, atatu. Ndikafulumira ankandigunda ndi chigongono. “Pang'onopang'ono iwe, sindikuthamangira sikelo ya tiyi.” Akalakwitsa ankamasula okha osadandaula, ngakhale mzere wonse. Mpaka lero ndikamva fungo la nkhuni zonyowa, m'khutu mwanga mumalira kaphokoso ka ulusi ukudutsa m'nsalu.

Tsiku lina ndinawafunsa kuti kansaluko n'kachiyani, popeza anzawo ankapeta zovundikirira jagi ndi zoyala patebulo. Anayang'ana kunja. Kenako anakaika pachifuwa panga, pansi pa chibwano, n'kukachotsa, n'kukayala pamimba pawo.

“Usauze munthu. Akakufunsa uziti n'kovundikirira wailesi.”

Tinaseka tonse awiri, chifukwa wailesi tinalibe.

Owerenga ena sadziwa chifukwa chake zinali zobisa. Kwathu sakonzera mwana chovala asanabadwe. Sumugulira kanthu, sumutchula, suonetsa kuti ukumuyembekezera, kuopa kuti angabwerere panjira. Amayi anali Mkhristu wobatizidwa, woimba kwaya, koma analeredwa m'mawu amenewa monga tonsefe. Ndiganiza kuti ankaopa ndithu. Koma anali atadikira zaka zisanu ndi zinayi, ndipo manja awo analephera kudikiranso.

Masiku atayandikira kunabwera amayi aakulu, mkulu wawo wa amayi, kuchokera kwa Mphuka, atasenza nandolo ndi chinangwa chouma. Anali munthu wamfupi, wouma thupi, wosakhala pansi. Analibe mwana, ndipo ine sindinadzifunsepo chifukwa chake. Atangofika, kansalu kanalowa m'kati mwa pilo. Tinkakatulutsa iwo akapita kumpopi kapena kukatola nkhuni, kupeta timitanda khumi, n'kukabisanso tikamva akutsokomola panjira. Tsamba loyamba linatha, kansonga kanatha. Lachiwiri linali litafika pakati.

Linali Lachiwiri m'mawa pamene amayi anawatengera kuchipatala cha pa esiteti. Ine anandithamangitsira kusukulu. Pobwera masana ndinapeza amayi a pamzere wathu atakhala pakhonde, atafunda zitenje, osalankhula. Panalibe wolira. Pamaliro ena onse amene ndinawaona, kulira kunkamveka mpaka kufakitale. Apa kunali zii, madontho okha akugwa kuchokera pamalata. Mayi wina anandigwira dzanja n'kunena kuti, “Mwana wabwerera.” Ndinaona amayi aakulu ndi amayi atatu achikulire akutsika kunjira ya kuseri kwa bulugama, mmodzi atanyamula khasu, wina kanthu kokulungidwa m'chitenje. Panalibe bokosi, panalibe nyimbo, panalibe mwamuna. Tsiku limenelo ndinamva koyamba mawu akuti mtayo, kutanthauza mwana wobadwa atafa kale.

Amayi anawabweretsa kunyumba madzulo. Asanalowe m'nyumba, amayi aakulu anawagwira mapewa. “Osalira. Wamva? Ukalira mimba idzatseka. Kumene tamuika usafunse.” Amayi anagwedeza mutu movomera. Bambo anabwera, anakhala panja usiku umodzi, n'kubwerera kuntchito, pakuti ya mtayo saiwerengera ngati maliro.

Lero ndine munthu wamkulu, ndaikapo anthu m'manda, ndipo ndimakhulupirira ndi mtima wonse kuti Iye amene amaumba munthu m'mimba amamudziwa ngakhale asanapume mpweya wa dziko lino. Koma sindifuna kuweruza amayi aja. Sankachita nkhanza. Ankapereka chimene iwonso analandira, ndipo ankakhulupirira kuti akuteteza mlongo wanga kapena mng'ono wanga wam'tsogolo.

Tsiku lachitatu dzuwa linatulukako pang'ono, amayi aakulu n'kutulutsa zofunda kuti aziyanike. Atakutumula pilo, kansalu kanagwa pansi, singano ili chibayire. Anakatola, kukatembenuza, n'kundiitana.

“N'chiyani ichi?”

“N'kovundikirira wailesi.”

Anayang'ana m'nyumba monse, pakhoma, pansi pa bedi. “Wailesi yake iti?”

Ndikanatha kukhala chete. Koma anali atakagwira ndi zala ziwiri ngati chinthu chonyansa, ndipo ine ndinali nditawerenga kamtanda kalikonse pamenepo. Ndinafuna adziwe kuti si nsanza.

“N'ka mwana wathu,” ndinatero. “Amayi anati tisauze munthu.”

Analowa m'nyumba. Analankhula m'Chilomwe, monga ankachitira akafuna kundibisira, koma ndinamva zonse. Anati amayi anamusokera mwana chovala asanafike, anamuonetsa poyera, ndiye akudabwa chiyani. Anati iwo anayenda ulendo wonse kuchokera kwa Mphuka kudzalondera khomo, pamene mwini nyumba anali atatsegula kale zenera. Amayi aakulu anatuluka n'kulunjika nako pamoto, koma mayi woyandikana nafe anawagwira mkono n'kuwauza kuti nkhani yotere ili ndi mwini wake, adikire amalume. Choncho anakamanga kansaluko pangodya ya chitenje chawo, mfundo ziwiri, n'kutumiza uthenga kwa amalumewo ku Khonjeni.

Kuyambira pamenepo amayi anatembenukira kukhoma. Phala linkazizira pambali pawo mpaka kuchita khungu. Sanandikalipire, ndipo chimenecho n'chimene chinkandiwawa koposa. Ndinkadziwa chinthu chimodzi: Loweruka amalume akabwera, akavomereza, kansalu kapsa, ndipo kakapsa ndiye kuti aliyense wavomereza kuti amayi anapha mwana wawo ndi singano. Ndinkapemphera mmene mwana amapempherera, kulonjeza Mulungu kuti sindidzabanso shuga.

Ndinawauza aphunzitsi. Anabwera Lachisanu atanyamula buledi, nsapato zawo zitalemera ndi matope ofiira. Anagwada pakhomo n'kunena kuti ulusi anapereka ndi iwo, pepala anajambula ndi iwo, ngati pali tchimo likhale pa iwo.

“Aphunzitsi,” anatero amayi aakulu, “inu phunzitsani ana a, e, i, o, u. Za mimba mutisiyire eni ake. Kwanu kumpoto mwina ana mumawasokera masuti ali m'mimba, kuno ayi.”

Aphunzitsi anangopempha kuti apemphere, anapemphera mwachidule, ndipo potuluka anandinong'oneza kuti pepala lija ndisataye.

Amalume anafika Loweruka chakumasana pa kabaza kuchokera ku Khonjeni, mbali imodzi yonse ya thalauza ili matope. Iwowa anali mlongo wawo wa amayi ndi amayi aakulu, mwini mbumba, ndipo anagwirapo ntchito yodula tiyi mpaka chikwanje chinawadya chala chimodzi. Anali munthu woti ngakhale pamaliro anthu ankapewa kukhala naye pafupi kuopa kuseka.

“Wakabaza uja ndamuuza kuti ndalipira ulendo wa pa njinga, wosambira sindinaupemphe,” anatero akupukuta nsapato. Ankakonda kunditcha akalaliki chifukwa ndinkadziwa kuwerenga, ndipo atandiona anati, “Akalaliki athu, mwaonda bwanji? Akukumanani?”

Analowa, anakhala pampando, n'kuyang'ana msana wa amayi nthawi yaitali. Nthabwala zinathera pomwepo. Amayi aakulu anafotokoza zonse, osasiyapo kanthu. Ine ndinali nditakhala kuseri kwa chitseko, ndipo palibe anandithamangitsa.

“Ndikaone,” anatero amalume.

Amayi aakulu anamasula mfundo. Amalume anakayala pabondo, n'kukasalaza ndi dzanja lawo la zala zinayi. Anakatalikitsa, kukayandikitsa.

“Uyu ndi tiyi,” anatero. “Koma tsamba ili n'lodukatu. Kapitawo akhoza kukubwezera dengu lonse.” Anandiitana ndi chala. “Akalaliki, kwatsala zingati?”

Ndinatulutsa pepala m'thumba la yunifomu n'kuwerenga. Inali mizere isanu ndi umodzi.

“Achemwali,” anatero kwa amayi aakulu, “mwati asalire, wamvera. Mwati asadziwe pamene mwamuika, wamvera. Ine sinditsutsa, zimenezo ndi za inu amayi. Koma maso mwatseka, miyendo mwamanga, manjanso mumange? Munthuyu atulukira pati? Ine ndadula tiyi zaka zambiri. Mwana wa mlongo wanga sanaphedwe ndi ulusi.”

“Achimwene, inu ndinu mwamuna.”

“Ndine mwamuna, eya. Ndiye mundiuze inuyo. Amene sanasoke kanthu, ana awo onse anakhala?”

Sindikudziwa ngati amalume anayiwala, kapena ananena dala. Amayi aakulu anaima chilili. Kenako analankhula ndi mawu amene sindinawamvepo kwa iwo, otsika, ngati akuchokera pansi pa mtsuko.

“Ine ndinataya atatu. Sindinasoke ngakhale kampango. Sindinalire. Ndinachita zonse zimene anandiuza.” Anapuma. “Palibe anandisiyira kanthu kogwira.”

Chiperoni anali atayambanso, ndipo madzi ankadontha m'beseni pakona. Amayi anatembenuka koyamba m'masiku atatu n'kuyang'ana mkulu wawo. Amalume anaweramitsa mutu n'kunena kuti, “Pepani, achemwali.” Sanagamule chilichonse. Anangoika kansalu pamphasa, pakati pa alongo awo awiri, n'kutuluka kukasuta pakhonde. Kanakhala pomwepo mpaka madzulo. Amene anakatola anali amayi aakulu. Anakakutumula fumbi n'kukaika pa pilo, pafupi ndi mutu wa amayi, kenako n'kupita kukatenthetsa phala. Amayi anadya masipuni angapo.

Mizere isanu ndi umodzi ija inatitengera masiku khumi. Nthawi zina amayi ankapeta timitanda tiwiri n'kugonanso. Ine ndinkawerenga motsitsa mawu: obiriwira asanu, dumphani kamodzi. Amayi aakulu ankakhala potero akusenda chinangwa, atatipatsa msana, ngati sizikuwakhudza. Koma tsiku lina ulusi unakana kulowa pa singano. Amayi anayesa kanayi. Amayi aakulu anapukuta manja pachitenje, analanda singano, kunyowetsa ulusi ndi malovu, n'kulowetsa kamodzi kokha.

“Zala ngati zipatso za mlambe,” anadandaula akubweza. Kuyambira tsiku limenelo ntchito yolowetsa ulusi inali yawo. Kenako anayamba kutidzudzula. “Apo mwadumpha. Iwe mwana, ukuwerenga kapena ukuimba?” Ndipo ankanena zoona, tinali titadumpha.

Kamtanda komaliza kanalowa Lachiwiri masana. Amayi anadula ulusi ndi mano, n'kupinda m'mphepete, n'kusokerera tizingwe tiwiri tomangira kukhosi. Kanali kokongola. Masambawo ankaoneka ngati ungawatchole. Ine ndinali nditakonza kale m'mutu mwanga kuti Lachinayi ndikanyamula ndekha kukaonetsa aphunzitsi, ndipo amayi a maluwa ndi nkhunda aja akaone kuti ife a nyumba yachitatu timatha.

Lachitatu m'mawa ndikuvala yunifomu ndinaona awiriwo akutuluka, atafunda zitenje kumutu. Amayi aakulu anali patsogolo, amayi akutsatira pang'onopang'ono atagwira chitenje cha mkulu wawo pamalo oterera. Anatsika kunjira ya kuseri kwa bulugama. Nditafuna kuwatsatira, amayi aakulu anangotembenuka n'kundiyang'ana, ine n'kubwerera. Sindinapite kusukulu. Ndinakhala pakhomo kudikira.

Anabwera dzuwa litakwera, mawondo awo ali dothi, maso onse awiri ofiira. Mayi woyandikana nafe atawayang'ana, amayi aakulu anati, “Chimfine cha chiperoni ichi,” ndipo mayiyo anavomera kuti chavutadi chaka chino. Ine ndinayang'ana m'manja mwa amayi. Munalibe kanthu. Ndinathamangira pa pilo, ndinapisa dzanja, munalibe.

“Kansalu kali kuti?”

“Tapereka kwa mwini wake,” anatero amayi.

Ndinalira. Ndinalira mokuwa, ndikudzigwetsa pansi, ndikunena kuti ndinawerenga ndine, aphunzitsi sanakaone, mwataya ntchito yathu m'thengo. Kulira kwanga kunamveka mzere wonse mpaka kumpopi, ndipo zitseko zinatseguka. Ndinkayembekezera khofi la amayi aakulu, pakuti m'nyumba imeneyo kulira kunali koletsedwa. Silinabwere. M'malo mwake anakhala pansi pambali panga, iwo amene sankakhala pansi, n'kuika dzanja lawo louma pamsana panga. Amayi anandikokera pachifuwa pawo n'kumandigwedeza ngati khanda. “Lira, mwanawe,” ankatero. “Lira kwambiri. Usasiye.” Amayi a pamzere wathu anabwera mmodzimmodzi n'kukhala pakhonde, ena atagwira kukamwa, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe anati mwanayu atonthole.

Ine ndinkaganiza kuti akundipepesa chifukwa cha kansalu. Ndinakhala zaka zambiri ndikuganiza choncho, ndipo ndinkawasungira amayi aakulu chakukhosi, poyesa kuti anapambana ndi iwo. Sindinkatha kudziwa chimene chinawatengera mayi amene anasunga lamulo katatu konse, ndi kutaya zonse, kuti atsogolere mng'ono wawo kumene anaika mwana, pamene iwo eni sanaonetsedwepo kumene kunaikidwa ana awo. Sindinkadziwanso kuti m'mawa umenewo, pa malaini onse a esiteti ija, pakamwa pamodzi pokha ndi pamene panali pololedwa kulira, ndipo panali panga. Ndinkalirira nsalu. Iwo ankamva maliro a ana anayi.

Tsopano inu amene mwawerenga mpaka pano, Mulungu wa chitonthozo chonse akhale nanu. Inu amene munaika mwana wopanda dzina, ndi inu amene munauzidwa kuti musalire n'kumvera, Ambuye amene sanaphonye dontho limodzi la misozi yanu yobisika akupukuteni ndi dzanja lake. Inu amene munalankhula mawu owawa poyesa kuti mukuteteza, akukhululukireni ndi kukufewetsani. Akupatseni wina wokhala pansi pambali panu, ndipo pa tsiku lake akuonetseni nkhope zimene simunazione. Mtendere wa Khristu usunge nyumba zanu. Ameni.